Kuyamba Dimba la Ndiwo Zamasamba Pakhomo Kwa Amene Simunalimepo

Amene amayamba dimba koyamba amagwa pa zinthu zitatu zomwezomwezo: afesa mbewu osamera, zikamera mbande zikuyamba kugwa zikadali kunazale, ndiye zochepa zimene zapulumukazo akangowokera sabata osatha zafota zonse. Pamenepo munthu amangoti ine dzanja langa ndi loipa, khasu nkuliponya kuseri kwa nyumba basi. Koma mukafufuza bwino mupeza kuti dimbalo linakula kuposa madzi ndi nthawi imene mwini wake anali nayo, komanso dothi silinakonzedwe. Malangizo ali m'munsiwa akuyenda motsatira zimenezo, ndipo ndikupemphani muwerenge mpaka gawo la madzi musanagule paketi olo imodzi ya mbewu.

Zoti mukhale nazo

- Khasu
- Reki, koma olo mulibe khasu lomwelo ndi manja zisalaza bedi
- Kheni yokhala ndi kasefa ka timabowo kukamwa kwake. Ngati palibe, boolani timabowo ting'onoting'ono pa chitsekerero cha chigubu ndi msomali wotentha
- Ndowa
- Chingwe, zikhomo ndi tepi yoyezera, kapena ndodo yomwe mwaidula mita imodzi ndendende
- Manyowa owolerana bwino kapena kompositi
- Udzu wouma wopanda njere, kapena masamba ouma
- Mbewu zamitundu itatu kapena inayi yokha
- Timitengo totalika mita imodzi ndi theka ngati mudzale tomato
- Chotchingira ngati pakhomo pamayenda ziweto

Wilibala, paipi ndi sipuleya musathamangire kugula, mudzaona nokha ngati zikufunika dimba likayamba kuyenda.

1. Sankhani malo poyang'ana dzuwa ndi madzi

Masamba ambiri amafuna dzuwa lowomba mwachindunji kwa maola 6 kapena kuposa pa tsiku, tomato ndi tsabola ndiye zimafuna mpaka 8. Tsiku limodzi lomwe muli pakhomo kayang'aneni malowo m'mawa, masana ndi chakumadzulo muone mthunzi wa nyumba, wa mpanda ndi wa mitengo ukufika pati. Letesi ndi masamba ena amapirira mthunzi pang'ono, koma chilichonse chobereka zipatso chikakhala pamthunzi chimangotalika nkumawonda osabereka.

Chenjezo: pansi pa mtengo waukulu musayikepo dimba olo pakuoneka pabwino bwanji. Mthunzi ndi vuto lina, koma lalikulu ndi mizu yake, imayenda kutali kupitirira pomwe nthambi zathera ndipo mukayamba kuthirira imabwera kudzamwa madzi anuwo ndi manyowa omwe.

Yesaninso ngati malowo samasunga madzi. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, dzazani madzi, mubwerenso mawa lake. Mukapeza madzi akadali momwemo ndiye kuti pamenepo pamachita lowe, mizu idzawola, mabedi anu muwakweze kapena sakani pena. Ndipo malowo akhale pafupi ndi pomwe mumatunga madzi, komanso poti mumadutsapo tsiku lililonse, dimba lobisika limaiwalika.

2. Kukula kwa dimba kuchokere pa madzi amene munganyamule

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndiye tichedwepo pang'ono. Malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amafuna madzi pafupifupi malita 25 pa sabata nyengo ikakhala yabwinobwino, kukatentha kwambiri kapena dothi likakhala lamchenga akhoza kufika kuwirikiza kawiri. Bedi la mita 1 ndi mamita 3 ndiye kuti malita 75 mpaka 150 pa sabata, imeneyo ndi makheni a malita 10 okwana 8 mpaka 15, pa bedi limodzi lokha. Tsopano werengerani mabedi khumi amene mukuwalota aja, muone ngati msana wanu ndi nthawi yanu yopita kuntchito zingalole, sabata ndi sabata kwa miyezi itatu osadumphitsa.

Ine ndimati woyamba kumene ayambe ndi mabedi awiri, akachulutsa atatu. Akakolola kamodzi adzawonjezera akudziwa chimene akudzisenzetsa.

Bedi lisapitirire mita 1 kapena 1.2 mulifupi kuti dzanja lizifika pakati muli panjira, chifukwa mukamaponda pabedi dothi limagwirana ndipo mizu ndi madzi zimavutika kulowa. Pakati pa mabedi siyani kanjira ka masentimita 40 mpaka 50. Malo akakhala otsetsereka mabedi apingase, asatsike ndi mtsetse, apo ayi mvula imodzi itenga dothi ndi mbewu zomwe. Nyengo yamvula kwezani bedi masentimita 15 mpaka 20, nyengo yowuma lisiyeni lathyathyathya kapena lolowa pansi pang'ono lokhala ndi kamlambala m'mbali kuti madzi asathawe.

Amene mulibe malo, masaka, zidebe ndi mabeseni otha ntchito zimagwira, bola muboole pansi ndipo zikhale zakuya masentimita 25 kupita m'mwamba, tomato mmodzi amafuna chidebe cha malita 20 chayekha. Kungoti za m'zidebe zimauma msanga kuposa zapansi, nthawi yotentha ndi kuthirira tsiku lililonse.

3. Konzani dothi

Lambulani, zulani udzu ndi mizu yake yomwe makamaka udzu uja woyanga pansi, mukasiya kachidutswa kamodzi kamaphukanso. Zinyalalazo musatenthe, ziunjikeni pambali zikhale kompositi. Tipulani kuya masentimita 20 mpaka 30, phwanyani zibuma, chotsani miyala, magalasi ndi mapulasitiki.

Kuti mudziwe dothi lanu, tapani lonyowa pang'ono mufumbate. Likangomwazika ndi lamchenga, madzi ndi chakudya zimadutsa msanga. Likamata nkumatheka kulipota ngati chingwe ndi lamakande, limasunga madzi koma likauma limalimba nkung'aluka. Mankhwala a onse awiri ndi amodzi, manyowa. Thirani ndowa imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse ya bedi, sakanizani ndi dothi lapamwamba, salazani, thirirani, mulisiye sabata imodzi kapena awiri. Udzu umene umere nthawi imeneyi muupale musanadzale, mwapungula kale ntchito yopalira.

Chenjezo lalikulu lili pa manyowa aawisi. Ndowe zongochoka m'khola, makamaka zitosi za nkhuku, zimawotcha mizu komanso zimakhala ndi majeremusi monga Salmonella ndi E. coli amene angafike pamasamba omwe mudye osaphika. Manyowa okhwima amakhala akuda, oyoyoka, osatentha mukapisa dzanja ndipo amanunkhira dothi basi. Ngati muli ndi aawisi okha aunjikeni, muziwanyowetsa ndi kuwatembenuza, adikireni miyezi itatu kapena inayi. Za agalu ndi amphaka zisalowe m'dimba ngakhale pang'ono.

Kompositi yambani kupanga lero lomwe: zouma monga udzu ndi masamba, pamwamba zaziwisi monga makoko a kukhitchini, kadothi pang'ono, madzi pang'ono, nkubwerezanso choncho. Muzitembenuza pakatha masabata awiri alionse, pa miyezi iwiri kapena itatu yapsa. Nyama, mafuta ndi mbewu zodwala musaponyemo.

4. Sankhani mbewu, ndipo dziwani zofesa pomwepo ndi zodzera kunazale

Yambani ndi zosavuta zomwe pakhomo panu mumadya: mpiru, repu, letesi, nyemba, anyezi wamasamba. Tomato aliyense amamufuna koma ndi amene ali ndi matenda ndi tizilombo tambiri, ndiye dzalani mitengo inayi kapena isanu yophunzirirapo, osati bedi lonse. Kabichi amakhalitsa m'munda pafupifupi miyezi itatu nkukupatsani mutu umodzi, pa dimba laling'ono ine ndimaona kuti amangodya malo.

Zofesa pabedi pomwepo: karoti, nyemba, nsawawa, therere, bitiruti, nkhaka ndi maungu. Karoti makamaka musayerekeze kumuwokera, muzu ukasokonezeka amatuluka wamphanda kapena wopindika. Zodzera kunazale: tomato, tsabola, biringanya, kabichi, anyezi, letesi, mpiru ndi repu.

Paketi muiwerenge, pamakhala deti, nyengo yoyenera ndi mipata yodzalira. Mbewu ya anyezi imafa msanga, ikapitirira chaka kameredwe kamatsika kwambiri, pomwe ya tomato imatha zaka zingapo ikasungidwa pouma ndi pozizira. Mukakayika tengani njere 10, kulungani m'kansalu konyowa, ikani pofunda, muone pakatha sabata kapena masiku 10. Zikamera 7 kapena kuposa ili bwino, zikamera zitatu musadzivutitse nayo. Paketi yolembedwa F1 ndi haibulidi, imabereka bwino koma njere zake mukasunga ana ake satengera kholo.

5. Kufesa

Lamulo lake ndi limodzi: kuya kwa njere kukhale kuwirikiza kawiri kapena katatu kukula kwa njereyo. Ndiye kuti tomato, kabichi, mpiru, karoti ndi anyezi ndi theka la sentimita mpaka sentimita imodzi basi, nyemba masentimita 3, letesi ndiye kungomuwaza kadothi pamwamba chifukwa amamera bwino akamaona kuwala. Mbewu zambiri zimene anthu amati ndi zakufa zimakhala zinakwiriridwa mozama, zinamera pansipo mphamvu nkuthera m'njira.

Lembani timizere ndi chala motalikirana masentimita 10 mpaka 15, fesani mopatula, njere zing'onozing'ono ngati za karoti sakanizani ndi mchenga wouma kuti zisaunjikane. Kwirirani, tsindirani pang'ono ndi chikhatho, phimbani udzu wochepa, thirirani ndi kheni ya kasefa. Madzi a ndowa okhuthula amakokolola njere zonse kupita kumapeto kwa bedi.

Kuyambira pamenepa pamwamba pa dothi pasaume mpaka zitamera. Mpiru, repu ndi kabichi zimatuluka pa masiku 4 mpaka 7, tomato sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, karoti ndi tsabola zimachedwa mpaka masabata awiri kapena atatu ndiye musafukule kuti muone. Zikangoyamba kutuluka chotsani udzu uja tsiku lomwelo, mukachedwa mbande zimatalika zoyera zofooka.

Kugwa kwa mbande kuja, kumene tsinde limawola pomwe lakhudza dothi mbande nkugona, ndi matenda a nkhungu za m'dothi ndipo amakonda pothithikana, ponyowa nthawi zonse ndi popanda mphepo. Yagwa yagwa, sichira. Chomwe mungachite ndi kuzula zodwalazo, kupatulira, kuchepetsa madzi, kuthirira m'mawa kokha ndi kulola dzuwa lifike. Kupatulira kumawawa mtima ndikudziwa, koma karoti mukapanda kumusiyira masentimita 3 mpaka 5 mudzakolola timizu ngati ulusi.

6. Kuwokera

Mpiru, repu, letesi ndi kabichi zimakhala zakonzeka pa masabata 3 mpaka 5 zikakhala ndi masamba enieni anayi kapena asanu, osawerengera timasamba tiwiri toyamba kutuluka m'njere, tomato pa masabata 4 mpaka 6, anyezi pa masabata 6 mpaka 8 akatsala pang'ono kunenepa ngati pensulo. Kutatsala sabata imodzi yambani kuzikhwimitsa: chotsani mthunzi pang'onopang'ono, chepetsani madzi. Mbande yoleredwa pamthunzi mukaiponya padzuwa tsiku limodzi imapsa masamba.

Tsiku lowokera thirirani nazale ndi bedi lomwe kukadali maola angapo, dikirani dzuwa lipepe, madzulo ndithu kapena tsiku lamitambo. Zulani ndi kasupuni kapena kamtengo kuti mbande ituluke ndi dothi lake, igwireni tsamba osati tsinde, tsamba likathothoka limaphuka lina koma tsinde likaphwanyika zathera pomwepo. Ikani m'dzenje mizu isapindike, tsindirani m'mbali, thirirani nthawi yomweyo. Zonse zilowe kuya komwe zinali kunazale kupatula tomato, iyeyu mukwirireni mpaka pafupi ndi masamba oyamba chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu ina.

Mipata yake: tomato masentimita 50 mpaka 60, kabichi 45 mpaka 60, mpiru ndi repu 30, letesi 25 mpaka 30, anyezi 10. Bedi lidzaoneka lopanda kanthu ndipo mtima udzafuna kuthithikiza, musatero, pakatha mwezi lidzadzaza lokha. Zikafota masiku awiri oyamba sizachilendo, zitchingireni ndi tinthambi tamasamba. Mbande zotsala musataye msanga, zina mudzabwezeretsa pomwe zafa.

7. Kuthirira ndi kuphimbira

Sabata yoyamba thirirani tsiku lililonse. Zikagwira sinthani, muzithirira kwambiri koma mwa apo ndi apo, kawiri kapena katatu pa sabata malingana ndi kutentha, madzi azilowa masentimita 15 kupita pansi. Kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku kumangonyowetsa pamwamba, mizu imakhala pomwepo osatsika, ndiye tsiku limodzi mukachokapo zonse zagona. Pisani chala mpaka pa mfundo yachiwiri, mukamva chinyezi dikirani, mukamva pouma thirirani. Masamba ofota masana dzuwa lili phwee koma madzulo nkudzuka sikuti ali ndi ludzu, ofota m'mawa ndiye alidi nalo, kapena mizu yawola ndi madzi ochuluka, chala chomwecho chikuuzani.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, ndipo madzi apite patsinde osati pamasamba, makamaka tomato, masamba ake akagona onyowa chiwawu sichichedwa. Madzi otsukuluzira ndiwo kapena mbale opanda mafuta mukhoza kuthira padothi, koma a bulichi kapena a sopo wambiri ayi.

Mbande zikagwira yalani udzu wouma wochindikala masentimita 5 pabedi lonse, kusiya kampata kozungulira tsinde kuti lisawole. Mwa ntchito zonse za m'dimba iyi ndi imene imabweza zambiri: madzi sauma msanga, udzu sumera wambiri, dothi silithimbirira pamasamba, ndipo udzuwo ukawola ndi manyowa. Muzisuzumira pansi pake nthawi zina, nkhono ndi chiswe zimabisala momwemo.

8. Chakudya chowonjezera, kupalira ndi tomato

Manyowa akakhala okwanira masamba amayenda okha. Mukaona masamba akumunsi akuchita chikasu ndipo kukula kwaima, pakatha masabata awiri kapena atatu chiwokereni onjezerani kompositi m'mbali, kapena feteleza. Manambala atatu a pathumba la feteleza amaonetsa kuchuluka kwa zakudya zitatu za mbewu, nayitrojeni, fosforasi ndi potaziyamu, motsatana choncho. Zamasamba zimakonda nayitrojeni, koma tomato mukamuchulutsira amangochita masamba ambirimbiri zipatso zochepa. Kasupuni ka tiyi kamodzi pa phando ndi kokwanira, kayikeni masentimita 5 mpaka 10 kuchokera patsinde, kwirirani, thirirani. Feteleza wokhudza tsinde kapena woikidwa padothi louma amawotcha.

Udzu zulani ukadali waung'ono, ndi manja pafupi ndi mbewu kuti khasu lisadule mizu. Tomato muzikireni mtengo sabata yomwe mwawokera, mumange momasuka ndi kansalu, ndipo ngati ndi mtundu wotalika muzithyola timphukira totuluka pakati pa tsinde ndi tsamba tikadali tating'ono. Masamba okhudza pansi chotsani. Tomato akamada kumatako kwake si tizilombo ayi, ndi kashiamu amene sakufika kuchipatso, ndipo kawirikawiri chimachititsa ndi kuthirira kodumphadumpha, lero chigumula mawa chilala.

9. Tizilombo

Tsiku lililonse tembenuzani masamba angapo muone kunsi kwake, ndi komwe zonse zimayambira. Nsabwe zimaunjikana kunsonga masamba nkukwinyika, zikadali zochepa zifinyeni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi, zikachuluka poperani madzi osakaniza ndi sopo wamba pang'ono, kasupuni kamodzi kapena awiri pa lita, madzulo, mutayesa kaye pa masamba ochepa. Mbande mukaipeza m'mawa yadulidwa patsinde, fukulani dothi pomwepo mupeza mbozi yotuwa itadzipinda, imadya usiku. Mbozi za pakabichi ndi repu tolani ndi manja pamodzi ndi mazira ake. Akangaude ofiira amakonda tomato nyengo yotentha ndi youma, masamba amachita timadontho totuwa ndi ulusi kunsi. Tinjira toyera m'kati mwa tsamba la tomato ndi mbozi zoboola masamba, ina mwa izo ndi Tuta absoluta imene imalowa ndi m'zipatso momwe, thyolani masamba ogwidwawo mukawakwirire kutali.

Sikuti kachilombo kalikonse ndi mdani, tizikumbu tofiira tamadontho akuda timadya nsabwe ndipo njuchi ndi zomwe zimabereketsa nkhaka ndi maungu. Mukafika pogula mankhwala werengani lebulo yonse, muyezo wake komanso masiku oyenera kudikira musanakolole, valani zodziteteza, ndipo musapopere maluwa ali otseguka njuchi zikuyenda.

10. Kukolola ndi kudzalanso

Mpiru ndi repu mumayamba kuthyola pakatha masabata 4 mpaka 6 chiwokereni. Thyolani akunja awiri kapena atatu pa mtengo, mtima musaukhudze, muzithyola choncho kwa masabata ambiri. Nyemba zaziwisi ndi therere mukamathyola pafupipafupi ndi pomwe zimaberekanso. Karoti ndi miyezi iwiri ndi theka kapena itatu, anyezi wamitu miyezi inayi kapena isanu, mudzaona makosi akugwa okha ndiye siyani kuthirira.

Paketi yonse musafese tsiku limodzi, fesani pang'ono pakatha masabata awiri kapena atatu alionse kuti zisakhwimire pamodzi. Bedi likatha sinthani banja la mbewu: tomato, tsabola, biringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi, kabichi, repu ndi mpiru ndi lina, ndiye pochoka tomato ikani nyemba kapena anyezi, tomatoyo adzabwererepo patapita zaka ziwiri kapena zitatu ngati malo alola. Mukazula mbewu nkupeza mizu ili ndi timatuza totupa, ndi tinyongolotsi ta m'dothi tosaoneka ndi maso, pamenepo kasinthasintha ndi manyowa ambiri ndiye chithandizo. Koma pa nyemba musadabwe, timibulu ta pamizu yake tomwe timathothoka mukatikhudza ndi tabwino, ndi timene timaika nayitrojeni.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kugula mbande zazikulu zomwe zayamba kale maluwa poganiza kuti zibereka msanga. Zimenezo zakalambira kunazale, sankhani zazifupi zonenepa tsinde, ndipo yang'anani kunsi kwa masamba musabweretse nsabwe pakhomo ndi ndalama zanu.

Kudzala letesi ndi kabichi nthawi yotentha kwambiri. Letesi amathamangira kutulutsa maluwa nkuyamba kuwawa, kabichi mutu sulimba. Nyengo yotentha ndi ya therere, nkhaka, biringanya ndi tsabola.

Kuthira phulusa lambiri. Lochepa limathandiza chifukwa lili ndi potaziyamu, koma lochuluka limakweza pH, womwe ndi muyezo wa asidi wa m'dothi, masamba ambiri amakonda pH ya pakati pa 6 ndi 7, kupitirira apo chakudya chimakhalamo koma mizu imalephera kuchitenga. Dzanja limodzi pa mita ya bedi pa nyengo ndi lokwana.

Kusiya mpanda kuti tidzamanga mawa. Nkhuku ziwiri zimatha bedi la mbande musanamalize kusamba.

Kusiya mtengo wodwala pabedi podikira kuti mwina uchira. Tomato wofota yense dothi lili lonyowa, kapena wamasamba opiringizika amawangamawanga, zulani ndi mizu yomwe, musamuike pakompositi, ndipo sambani m'manja musanagwire ena.

Kuchoka masiku angapo osasiya wothirira. Ngati palibiretu munthu, thirirani kwambiri tsiku lonyamuka, onjezerani udzu wophimbira, ndipo pafupi ndi tomato aliyense kwirirani botolo la malita awiri loboola timabowo tiwiri kapena titatu pansi nkulidzaza madzi. Zokhwima zipirira masiku atatu kapena anayi, koma nazale siingapirire, ndiye ngati mukudziwa kuti muli ndi ulendo kufesako kudikire mpaka mutabwerako.